Mwana Wathu Adzakhala Wogula Chabe Kapena Wopanga?

Nyengo ya malonda ikafika kuno kwa Dzoole, fodya atapita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zitakwera pa sikelo ku Mponela, ana athu amakhala atakonzeratu mndandanda wa zofuna zao. Kale mndandandawo unkathera pa nsapato, mpira ndi njinga. Masiku ano anyamata aonjezapo chinthu china chimene makolo ambiri sitichidziŵa bwino, ndicho makina oseŵerera magemu. Ena adawaona m'tizipinda ta pa malo a malonda, m'mene mnyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa kanema kwa mphindi zoŵerengeka. Ena amapempha amalume ao amene ali ku Johannesburg kuti adzawatengere pobwera pa Khirisimasi. Mwezi uno tiyeni tiikambe nkhaniyi mofatsa, pakuti ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka, ndipo akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziŵiri zimene ana amazitchula mosakaniza. Choyamba ndi kabokosi kolumikiza ku wailesi ya kanema, kamene ntchito yake yeniyeni ndi maseŵera. Otchuka ndi PlayStation ya kampani ya Sony, Xbox ya Microsoft ndi Switch ya Nintendo. Chachiŵiri ndi kompyuta wamba, kaya ya pa tebulo kaya laputopu, imene imalemba makalata, imaŵerengera ndalama, komanso imaseŵeza magemu. Ziŵirizi zimasangalatsa mwana mofanana, koma zimadya thumba la kholo mosiyana, ndipo zimaumba mwana mosiyana.

Tiyambe ndi mtengo. Pamene PlayStation 5 idatuluka mu Novembala 2020, ku America inkagulitsidwa madola 499. Kompyuta ya mphamvu zofanana nayo idali yodula kuposa pamenepo, ndipo ichi tisachibise. Munthu woyang'ana mtengo wa tsiku logula lokha adzati kabokosi ndiko kotsika. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Magemu aakulu atsopano a makina ameneŵa adayamba kugulitsidwa madola 70 imodzi. Mwana wa Sitandade 4 angathe kutiŵerengera kuti magemu 7 okha akwana madola 490, ndiye kuti kholo lagulanso makina ena osadziŵa. Pamwamba pa izi, magemu ambiri ogula amafuna kuti mwini kabokosi azilipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka ngati afuna kuseŵera ndi anzake pa intaneti, kupatula ndalama ya bandulo.

Izi sizichitika mwangozi. Mu 2021, pa mlandu wa makampani a Epic Games ndi Apple ku America, mkulu wina wa Microsoft adauza bwalo kuti kampani yao sipeza phindu pogulitsa makina a Xbox okha. Phindu limabwera pambuyo pake, kudzera m'magemu ndi zolipira za mwezi, pakuti mwini kabokosi sangagule gemu imene kampaniyo sidaivomere. Ife alimi tiyenera kuchimva msanga chinthu chotere. Chili ngati munthu wokugulitsa khasu pa mtengo wotsika, koma ndi pangano lakuti mbeu ndi feteleza uzigula kwa iye yekha moyo wako wonse. Tikumbukenso kuti zinthu zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja adakwera naye limodzi.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa pa bokosi. Kabokosi ngati PlayStation kapena Xbox sikaonetsa kanthu popanda wailesi ya kanema. PlayStation 5 imakoka magetsi pafupifupi mawati 200 pa nthaŵi ya maseŵera, ndipo ilibe batire lake. Nyumba zambiri za m'mapiri athu ano sizidalumikizidwe ku magetsi a ESCOM, ndipo kasola kamene kamayatsa mababu atatu ndi kutchaja foni sikangasenze katundu wotere. Laputopu wamba imadya magetsi ochepa kwambiri kuposa pamenepa, ndiponso ili ndi batire ndi choonera chake. Zoona, laputopu yakaunjika siingakoke magemu olemera a masiku ano, imagwidwa mavairasi, ndipo imafuna munthu woidziŵa. Koma pa kompyuta magemu ambiri salipiritsa za mwezi, akale amatsika mtengo kwambiri, ndipo ena ndi aulere. Kompyuta ya pa tebulo ikatopa, munthu amasintha chiwalo chimodzi monga momwe tisinthira tcheni cha njinga, osataya njinga yonse. Madzulo mwana akagona, makina omwewo amalemba kaundula wa banki m'khonde ndi mayeso a sukulu.

Komabe nkhani yaikulu kwa ife aphunzitsi si ya ndalama yokha. Tonse tidakula tikuona ana akupinda mawaya kupanga galimoto. Mmodzi akapanga, mnzake amaonjezapo chiongolero chokhota, wina amaika zitini za mkaka kuti ikhale lole. Mpira wachikulunga saugula, amaumanga. Ngakhale malamulo a phada ndi fulaye ana amawasintha molingana ndi bwalo ndi chiŵerengero chao. Palibe mphunzitsi adawalembera zimenezi pa bolodi, koma m'menemo ndimo mudaphukira amakanika, amisiri a matabwa ndi okonza mawailesi amene tili nao lero. Pa magemu a pa kompyuta khalidwe lomweli lilipo, ndipo achinyamata amalitcha mod. Tanthauzo lake ndi lakuti woseŵera amatsegula gemu nasintha za m'kati mwake: malo, anthu, zovala, malamulo, ngakhale chilankhulo.

Khalidwe limeneli labala zinthu zazikulu. Gemu yotchedwa Doom, imene idatuluka mu 1993, idakonzedwa mwadala kuti oseŵera azitha kuonjezamo zao. Mu 1999 anyamata aŵiri a pa sukulu za ukachenjede, Minh Le ndi Jess Cliffe, adasintha gemu ya Half-Life napangamo yao yotchedwa Counter-Strike. Eni ake a Half-Life, kampani ya Valve, sadawaimbe mlandu. Mu 2000 adaigula ntchitoyo nawalemba ganyu yokhazikika anyamatawo. Gemu ya Dota nayo idayamba mu 2003 monga chosintha cha oseŵera m'gemu ya Warcraft III. Sitikutchula magemu ameneŵa kuti tiwayamikire, pakuti ndi a nkhondo ndipo sayenera ana aang'ono. Tikuonetsa chabe kuti khomo likakhala lotsegula, woseŵera amasanduka mmisiri. Kwa ana a pulaimale, gemu yomanga ndi yokumba yotchedwa Minecraft ndiyo imadziŵika ndi zosintha zambirimbiri zopangidwa ndi oseŵera, makamaka pa kompyuta.

Kabokosi kali ndi khomo lotseka. Magemu oŵerengeka amalola zosintha zochepa zimene kampani yavomera, koma mwini makina saloledwa kuloŵa m'kati. Mu 2011 Sony idasumira mnyamata wa ku America, George Hotz, chifukwa chofalitsa njira yotsegulira PlayStation 3. Pano tichenjezane. Alipo amisiri amene amaika kachipangizo m'makinaŵa kuti aziseŵeza magemu okopera. Ana amatcha zonsezi dzina limodzi, koma ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Kusintha gemu imene eni ake adalola ndi luso. Kukopera ntchito ya wina kuti usamlipire ndi kukolola m'munda umene sudalime, ndipo mwana asaphunzire zimenezo m'nyumba mwathu. Makina otsegulidwa mwa njira imeneyi akaonongeka kampani siiwalandira, ndipo imatha kuwatsekera kunja kwa intaneti yake.

Wina angati zonsezi ndi za ku Ulaya ndi ku America. Tiyeni tiyang'ane kwa anansi athu a ku Kasungu. William Kamkwamba wa kwa Wimbe adasiya sukulu ya sekondale pa nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosoŵa fizi. Adabwereka buku m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, natola ziwalo za njinga, chipupa cha fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugama, napanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi kwao. Mu 2014 adatsiriza maphunziro pa Dartmouth College ku America. Mnyamatayu sadali ndi zipangizo zodula. Adali ndi zinthu zotheka kumasula, ndi ufulu wozimasula. Lero zida za mtundu umenewu zilipo pa kompyuta. Pulogalamu ya Scratch, imene sukulu ya MIT idatulutsa mu 2007, ndi yaulere, imagwira ntchito popanda intaneti ikangoikidwa, ndipo mwana wa Sitandade 5 angathe kupangira gemu yake ya kalulu ndi fisi.

Tsono tichite chiyani? Fizi, yunifolomu, feteleza ndi chimanga cha mwezi wa Febuluwale zikhale patsogolo, pakuti palibe gemu imene imakhutitsa. Banja limene lili ndi mpata, kapena limene mbale wa kunja wafunsa choti atumize, lifunse mafunso atatu. Kodi chinthuchi chidzatidya ndalama zingati m'zaka zitatu, osati tsiku logula lokha? Kodi magetsi athu adzachikwanitsa, ndipo chikafa adzachikonza ndani, ku Mponela kapena ku Lilongwe? Kodi mwana angapangepo kanthu kake, kapena adzangodina mabatani pa zopanga za ena? Ife tiona kuti m'nyumba zambiri za kuno mayankho adzaloza ku laputopu yabwino yakaunjika, ngakhale mwana adzayamba wakwinya nkhope.

Chikafika m'nyumba, chikhale pabalaza pamene aliyense achiona, osati kuchipinda. Nthaŵi yake ikhale yodziŵika, ntchito za pakhomo ndi za kusukulu zitatha. Tiyang'ane nambala ya zaka imene imalembedwa pa gemu. Atsikana apatsidwe mpata wofanana ndi alongo ao. Ndipo Loŵeruka lililonse bambo kapena mayi akhale pansi nafunse kuti, "Mwanawe, tandionetsa chimene wapanga sabata ino." Makolofe sitisoŵa kudziŵa kompyuta kuti tifunse funso limeneli. Ndi lomwe lija makolo athu ankatifunsa poona tanyamula mawaya ndi pulayala, ndipo m'mera m'poyamba.