Kamba si umphawi: tikapita ku London tidye mwanzeru

Tchuthi cha ana chikafika, mabanja athu ambiri a ku Manchester, Leicester, Nottingham ndi Leeds amakwera basi kapena sitima kukaona London. Zimenezo n'zabwino. Chomwe ndikufuna tidzudzule poyera ndi ichi: njala ikangotigwira timathamangira malo odyera a ku Leicester Square kapena Oxford Street, n'kukhuthula ndalama yogulira ndiwo za masiku angapo pa baga ndi tchipisi zomwe zilinso mumsewu uliwonse kumene tachokera. Ukafunsa chifukwa, akuti kunyamula chakudya n'chimidzi.

Chimidzi? Abale anga, tiyeni tinene zoona. Kwathu palibe mayi amene ankalola mwana kuyamba ulendo wopanda kamba. Mbatata yophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa, nkhuku yootcha, zonsezi zinkalowa m'chikwama basi isananyamuke. Lero tawoloka nyanja, ndiye kamba wasanduka chamanyazi?

Chodabwitsa n'chakuti eni dziko alibe manyazi amenewa. Pitani ku Natural History Museum kapena Science Museum ku South Kensington. Chiyambire 2001 kulowa n'kwaulere, ndipo m'katimo muli malo oti mabanja azidyerapo chakudya chobwera nacho. Mukapeza azungu atakhala ndi ana awo, akudya masangweji okonzera kunyumba. Hyde Park ili pafupi pomwepo, udzu wake salipiritsa. Nanga ife tikuopa maso a ndani?

Ena anena kuti, "Tabwera kudzasangalala, ana alaweko zachilendo." Ndikuvomereza. Koma baga ndi yachilendo? Ngati mukufunadi zachilendo, London ndi mudzi wa mitundu yonse. Kuchoka pa Leicester Square n'kuyenda pang'ono mwafika pa Gerrard Street ku Chinatown. Kwerani Victoria line mpaka kumapeto, mutsike ku Brixton: kumeneko kuli msika wokhala ndi zakudya za ku Jamaica ndi za ku Africa, nthochi zophika, therere, chinangwa ndi nsomba zouma. Ku Peckham, pa Rye Lane, kuli mpunga wa jollof wa anzathu a ku Nigeria. Brick Lane ndi kwa anthu a ku Bangladesh, Southall ndi kwa a ku Punjab, ndipo Elizabeth line imafika konko. Musadandaule za mtengo wa ulendo: ana osakwana zaka 11 salipira pa sitima zapansi akakhala ndi wamkulu amene walipira. M'malo amenewa mwana amaona kuti anthu akhoza kukhala ku Britain zaka zambirimbiri osataya mphika wa kwawo.

Komanso safunsa anadya phula. Malo ambiri odyera m'kati mwa London amawonjezera 12.5 peresenti pa bilu ngati chothokozera ogwira ntchito, ndiye werengani musanalipire, kuopa kupereka kawiri. Malo odyera alionse ogulitsa mowa ku England amalamulidwa kupereka madzi a pampopi ulere kwa kasitomala amene wapempha. Pemphani, musagulire ana anayi mabotolo anayi chifukwa choopa kuoneka otsalira. Ngati pakhomo pali kachikwangwani kobiriwira ka ukhondo, onani nambala yake: imayambira 0 kulekezera 5.

Nkhaniyi si ya ndalama yokha, ngakhale tonse tikudziwa mmene paundi imapezekera: kugwira usiku m'nyumba zosamalira okalamba, kuimirira tsiku lonse m'fakitale, uku foni ikulira kuti fizi kumudzi yafunika. Chachikulu ndi chimene ana akuphunzira. Mwana akaona mayi ake akubisa kontena ya mpunga ndi nyemba pansi pa chikwama, amadziwa kuti chakudya cha kwawo n'chobisa. Mawa akadzakana nsima, kenako n'kukana chinenero, tidzati wamuwononga ndi sukulu, chonsecho tinamuphunzitsa tokha.

Ndiye ulendo ukubwerawu, konzani kamba usiku. Masana mudye pa udzu, mutatambasula miyendo. Madzulo, ngati thumba likulola, mupite kumsika wa mtundu wina mukalawe mphika wawo. Zithunzi za pa WhatsApp zidzatulukabe bwino, ndipo amene aseke kontena yanu sadzakulipirirani lendi mwezi ukatha.