Mukufuna udokotala? Za ku London musazitengere ku Manjawira

Pa TikTok ndi YouTube padzaza mavidiyo a achinyamata a ku UK onena kuti munthu sangalowe sukulu ya udokotala asanakathandizeko pachipatala. Kwawoko n'zomveka, poti pa intavyu amafunsidwa zomwe adaona kumeneko. Koma inu a ku Manjawira amene mukudikira zotsatira za MSCE, musatengeke nazo.

Kuno chokulowetsani ku KUHeS, yunivesite yomwe idabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndi mapointi. Posankha ophunzira kudzera ku bungwe la NCHE, chachikulu ndi mmene mwakhozera, makamaka Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Ngati sayansi idakugwetsani, kukhalira pakhonde la chipatala chaka chonse sikukupulumutsani. Bola kubwereza Fomu 4.

Komabe kudzipereka kuli ndi phindu lake: mumadziyesa nokha ngati fungo, magazi ndi mzere wosatha wa odwala mungazipirire. Ambiri chimawakopa n'chovala choyera chija basi.

Pachipatala chaching'ono ngati cha Manjawira ntchito yambiri ili m'manja mwa anamwino, medical assistant ndi alangizi a zaumoyo. Kapempheni chilolezo kwa mkulu wa pamalopo, kapena ku ofesi ya zaumoyo ku boma ku Ntcheu, kuti muzithandiza pa tsiku la sikelo ya ana. Akakukanani musadabwe, odwala ali ndi zinsinsi zawo. Akakulolani, jakisoni ndi mankhwala muwasiyire ophunzira ntchitoyo, ndipo foni ikhale m'thumba. Wodwala si wojambula n'kuika pa status.