Chipembedzo chake, voti yake, mawu ake

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, amene anavomerezedwa mu 2004, amanena zinthu ziwiri zofunika kuziwerengera pamodzi. Ndime 36 ikuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo, pa ndale, pa chuma ngakhale pa chikhalidwe. Ndime 54 ikupatsa munthu aliyense ufulu wopembedza kapena kusapembedza, ndipo ikuletsa kumulanda ufulu wina chifukwa cha chikhulupiriro chake.

Kuno ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, ambiri timaganiza kuti ufulu wa chipembedzo ndi wa mpingo kapena wa bambo wa pakhomo. Ayi ndithu. Lamulo laupereka kwa munthu payekha. Mayi akakwatiwa, sakakamizidwa kusiya tchalitchi chake ndi kutsata cha mwamuna. Mpingo uli ndi ufulu wosankha amene alalikire paguwa, boma sililowererapo, pakuti ndime 12 inalekanitsa boma ndi zipembedzo. Koma mphamvu imeneyo imathera pakhomo la tchalitchi. Palibe m'busa, shehe kapena mwamuna amene lamulo lamupatsa mphamvu yoletsa mayi kuvota, kupikisana nawo pa chisankho kapena kuyankhula pa bwalo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti luso lilipo kale. Taonani Lachinayi pa msonkhano wa amayi a mpingo: wina agwira kaundula, wina awerenga ndalama za chopereka mpaka khobidi lomaliza, wina agawa anthu okazonda odwala. Amayi omwewo akafika pa msonkhano wokambirana za mjigo kapena mtengo wa fodya, amakhala pamphasa kumbuyo, kuwomba m'manja basi. Akati atsegule pakamwa, amakumbutsidwa za ulemu, mwinanso ndi vesi.

Chigawo chathu cha Tete chinabala Luísa Diogo, nduna yaikulu yoyamba yachikazi, amene anagwira udindowu kuyambira 2004 mpaka 2010. Kuchokera 2010, Nyumba ya Malamulo ku Maputo yatsogozedwa ndi amayi okhaokha: Verónica Macamo, Esperança Bias, kenako Margarida Talapa. Koma Maputo ndi kutali ndi Furancungo, likulu la boma lathu. Ndime 122 ikulamula boma kulimbikitsa amayi kutenga mbali paliponse, ndiye tili ndi chifukwa chofunsa akuluakulu a maboma a Macanga ndi Tsangano kuti m'makomiti a chitukuko muli amayi angati, ndipo mwa iwo ndi angati amene mfundo zawo zimalembedwa.