ZA PAKHOMO PATHU: Madzi Othawa Mobisika



Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chooneka chaching'ono, koma chimene chadzetsa mikangano m'nyumba zambiri za m'matauni ndi m'maboma mwathu, ndicho kuchucha kwa mapaipi a madzi. Bilu ikafika, mtengo wake utakwera kawiri kapena katatu kuposa mwezi wapitawo, mawu oyamba a bambo sakhala akuti, "Tiyeni tikaone paipi." Iai, iwo ayamba ndi mayi, kuti achapa mopitiriza, mayi nawo atembenukira ana, kuti aseweretsa mpopi, ndipo potsiriza mlandu ugwera mtsikana wantchito, amene alibe pakamwa poyankhira. Kumene mabanja angapo amwera mpopi umodzi papoloti, nagawana bilu, ndiko nkhaniyi ifika poipa, pakuti anthu amene anali kupalana moto ndi kubwerekana mchere aleka ngakhale kupatsana moni. Koma kawirikawiri mwa onsewa mulibe wolakwa. Madziwo anathawa okha, anthu ali m'tulo. Ndipo pakhomo pomwepo pali mboni imene ikadanena zoona akadaifunsa. Mboniyo ndi mita.

Poyamba tidziwe malire. Paipi yochokera kumsewu kufika pa mita ndi ya bungwe la madzi, kaya ndi Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, kapena mabungwe atatu aja a m'zigawo za Kumpoto, Pakati ndi Kummwera. Mukaona madzi akutumphuka mbali imeneyo, musakumbe, musamasule mita. Kanenani ku ofesi yawo. Koma kuyambira pa mita kulowa m'bwalo mwanu ndi m'nyumba, paipi ndi yanu, ndipo dontho lirilonse lodutsa pa mita liwerengedwa pa dzina lanu, ngakhale silinafike mumphika. Mita sisiyanitsa madzi amene mwamwa ndi amene nthaka yamwa.

Tsono tiyeni tiphunzire kuifunsa mboniyi. Tsegulani kachivundikiro kake, mupukute galasi. Pa mita zambiri mudzaona manambala akuda ndi ofiira. Akudawo awerenga ma cubic metre, ndiwo alembedwa pa bilu. Cubic metre imodzi ndi malita 1,000, ndiko kunena ndowa 50 za malita 20. Ofiirawo, pamodzi ndi timivi tating'ono tozungulira, awerenga malita. Pa mita zina pali kanthu konga kanyenyezi kapena kagudumu, kamene kazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono pokha. Kameneko ndiko kathandiza koposa.

Tsekani mipopi yonse, ya m'nyumba ndi yapanja, ndipo muuze ana kuti asagwire kanthu. Ngati thanki ya chimbudzi kapena thanki yaikulu yapadenga iri kudzaza, dikirani idzaze, chifukwa ingakunamizeni. Mukatero yang'anani kanyenyezi kaja kwa mphindi zingapo. Kakazungulira, madzi ali kuthawa penapake. Kakaima, musafulumire kukondwera, pakuti kuchucha kwina nkwapang'onopang'ono, kosaoneka ndi maso a munthu wopupuluma. Chitani chotere: madzulo onse atasamba, tungirani m'ndowa madzi a usiku, lembani papepala manambala onse, akuda ndi ofiira omwe, mamawa, munthu asanatsegule mpopi, kawerengeninso. Usiku ndiyo nthawi yabwino, chifukwa anthu ambiri akagona mphamvu ya madzi m'mapaipi ikwera, ndipo bowo laling'ono litulutsa ochuluka. Koma muone kuti usikuwo madzi analipo. Akakhala kuti anasiya kudera lanu, mita idzaima ngakhale paipi iri yobooka, ndipo muyenera kuyesanso tsiku lina. Amene muli ndi mita zolipiriratu, chitani chimodzimodzi ndi mayunitsi anu.

Tinene kuti mwapeza kuti pa maola 8 mita yayenda malita 40. Munthu angati, "Ndowa ziwiri zokha, n'chiyani chimenecho?" Taŵerengani bwino. Ndiwo malita 5 pa ola, malita 120 pa tsiku, malita 3,600 pa mwezi: ndowa 180. Mayi amene anasenzapo ndowa kuchokera kudambo adziwa kulemera kwa nambala imeneyi koposa ife abambo.

Mukatsimikiza kuti madzi ali kuthawa, funso lotsala ndi lakuti, athawira pati? Apa anthu ambiri athamangira khasu, nakumba bwalo lonse monga ofuna mbewa. Musatero. Nyumba zambiri ziri ndi valavu pamene paipi ilowa m'khoma. Tsekani valavuyo, mubwerere ku mita. Ngati kanyenyezi kaima, vuto liri m'kati mwa nyumba. Ngati kazungulirabe, bowo liri pansi pa nthaka, pakati pa mita ndi khoma. Ndi kutseka kumodzi kokha mwagawa ntchito pakati. Nyumba imene iribe valavu yotere iyenera kuikidwa. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo tsiku limene paipi idzaphulika pakati pa usiku mudzaithokoza.

Vuto likakhala m'nyumba, yambani ndi chimbudzi cha madzi, pakuti ndicho mbala yaikulu koposa zonse, ndiponso yofatsa. Mpopi wodontha umveka, usowetsa tulo, ndipo munthu aukonza chifukwa cha phokoso; koma thanki ya chimbudzi itaya madzi mwakachetechete, ndipo madziwo apita kumene palibe amene ayang'ana. Vundukulani thankiyo. Mudzaona mpira woyandama, umene ntchito yake ndi kutseka madzi thanki ikadzaza. Mpirawo ukabooka, kapena kamphira ka pa valavu yake kakatha, madzi sasiya kulowa, ndipo osefukirawo atulukira pa kapaipi kapanja kapena atsikira m'mbale. Kwina ndi mphira yapansi, yotseka potulukira, imene yauma. Kuti mudziwe, thirani m'thanki madzi a mtundu, ngakhale tiyi wakuda kwambiri, ndipo musagujumule kwa theka la ola. Mtunduwo ukaonekera m'mbale, mwampeza mwini mlandu. Timphira timeneti tipezeka m'masitolo a zitsulo. Tengani kakale mupite nako, kuti akupatseni kofanana.

Za mpopi wodontha sitichulukitsa mawu. Tsekani valavu, tsegulani mpopiwo kuti madzi otsala atuluke, masulani mutu wake ndi sipanala, chotsani kamphira kozungulira kali pansi, muikepo katsopano. Mipopi yamasiku ano, yotseka ndi kupotola pang'ono pokha, iribe kamphira kotere. Musinthe kachipangizo konse ka m'kati. Ndipo phunzitsani a m'nyumba kuti mpopi sautseka ndi ukali. Dzanja lolimba ndilo limaliza kamphira msanga. Yang'ananinso pansi pa sinki, kuseri kwa bafa, ndi pa kapaipi kotulutsa madzi a giza. Khoma likatupa, penti ikasupuka, kapena pulasitala ikada malo amodzi m'nyengo yopanda mvula, paipi yachucha m'kati mwa khoma. Pafupi ndi giza kapena mawaya, yambani mwazimitsa magetsi, ndipo muitane mmisiri. Pamenepo si poyeserapo nzeru.

Bowo la pansi pa nthaka ndilo lifuna kuleza mtima. M'chilimwe nthaka yokha ikuuzani. Yendani pang'onopang'ono motsata paipi, kuchokera pa mita kufika kukhoma. Mwezi wa Okutobala, pamene bwalo lonse lauma gwa, mukaona kachigawo ka udzu wobiriŵira, kapena dothi lakuda lonyowa, kapena pamene nkhuku zikonda kupalasa ndi agulugufe kutera, imani pomwepo. Koma dziŵani kuti madzi ayenda motsata paipi ndi motsata kutsetsereka kwa malo, kotero kuti pamene aonekera si nthawi zonse pamene atulukira. Bowo likhoza kukhala kumtunda pang'ono. M'nthaka ya mchenga madzi alowa pansi osaonekera konse. Pamenepo khutu lithandiza. Usiku kukakhala zii, tengani sikuludilaiva yaitali kapena kamtengo kouma kolimba, nsonga imodzi muigunditse pa paipi kapena pa valavu, inayo muitsamiritse ku khutu. Paipi yobooka ilira ngati mpweya wotuluka m'tayala, ndipo kulirako kukula mukamayandikira bowo. Amisiri a m'mabungwe a madzi achita chomwechi, ndi ndodo zawo zomvera ndi makina.

Kawirikawiri malo oyamba kukayikira ndi polumikiza: pa chigongono, pa mphanda, ndi pamene paipi yachitsulo ikumana ndi yapulasitiki. Kenaka pamene anthu alima. Paipi zambiri zakuda zavulazidwa ndi khasu la mwini nyumba pobzala mpiru, chifukwa woika anaikwirira pamwamba pothawa ntchito. Mizu ya mitengo nayo ikankha paipi, ndipo galimoto yoima pamwamba pa paipi yosazama iiphwanya.

Pokumba, siyani khasu mukayandikira, mumalize ndi manja. Ndipo mukalipeza bowo, tikupemphani, musakhutire ndi mphira ya chubu. Tonse tiudziwa mwambo umenewu: munthu adula chubu cha njinga, akulunga paipi zolimba, akwirira, nati ntchito yatha. Mphirayo ndi yabwino kukufikitsani m'mawa, kapena kufikira malipiro atuluke, si mankhwala. Paipi ya PVC muidule mbali yowonongekayo mowongoka ndi sowo, mupukute nsonga ziume bwino, mupake guluu wake mbali zonse ziŵiri, mulowetse m'soketi, ndipo musatsegule madzi isanakwane nthawi yolembedwa pa chitini cha guluuyo. Paipi yakuda yofewa simva guluu. Ili ndi zolumikizira zake zomanga ndi dzanja, zokhala ndi mphira m'kati. Polumikiza pa mazinga, kulungani tepi yoyera ija motsata kumene chomangiracho chidzazungulire, kuti pomanga isamasuke. Paipi yachitsulo ya m'nyumba zakale ndi nkhani ina. Imeneyo idyedwa ndi dzimbiri kuyambira m'kati, kotero kuti pooneka bowo limodzi kunja, m'katimo yatha kale. Mukamata apa, mwezi wamawa ibooka apo. Madzi ofiirira m'mawa ndi mpopi wofooka ndizo zizindikiro zake. Kuli bwino kusonkha ndalama ndi kusintha utali wonse kamodzi.

Wina angati, "Bilu ndilipira ndine, ndikalola kutaya, n'zanga." Si zanu zokha. Madzi ambiri a mu Blantyre achokera mu mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo akwezedwa ndi mapampu a magetsi mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. A ku Lilongwe asungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Madzi amene athirira nthaka pansi pa bwalo lanu ndi omwewo amene mayi wa kumtunda kwa paipi yomweyo awadikira ndi zigubu mpaka tambala woyamba.

Koma chotiopsa koposa ndi ichi, ndipo tifuna amayi achimvetse bwino. Khomo lotulukira ndilo lolowera. Pamene madzi ali ndi mphamvu, bowo litulutsa. Koma madzi akasiya, monga achitira kawirikawiri m'madera athu, paipi ikhala yopanda kanthu, ndipo ikhoza kuyamwa madzi a m'dothi lozungulira. Ngati paipiyo idutsa pafupi ndi chimbudzi chokumba, kapena m'ngalande ya madzi oipa, kapena pa chithaphwi cha dzinja, zonyansazo zilowa. Madzi akabwera, zifika pa mpopi wanu, ndipo mwana amwa mosakayika, poti ndi madzi a pampopi. Kolera amene anayamba m'dziko muno mu 2022 ndi kupitirira mu 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo matendaŵa ayenda ndi madzi ndi chakudya zodetsedwa ndi chimbudzi cha munthu. Chifukwa chake paipi yodutsa pamalo otere isadikire kutha kwa mwezi. Ndipo kufikira itakonzedwa, madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini. Madzi oyamba kutuluka mpopi utauma, makamaka akaoneka akuda, muwatungire padera, akhale okolopera.

Inu okhala m'nyumba za lendi, muuzeni mwini nyumba msanga, ndipo mumuonetse pepala lija la manambala a madzulo ndi a m'mawa. Nkovuta kutsutsana ndi manambala. Inunso eni nyumba, musasiye alendi anu alipire madzi a paipi imene inu munaika zaka makumi aŵiri zapitazo.

Mukatha kulumikiza, musakwirire msanga. Tsegulani valavu pang'onopang'ono, siyani dzenje lotseguka kwa maola angapo, mupititse chala chouma pansi pa cholumikiziracho. Kenaka tsekani mipopi yonse, mukaonenso kanyenyezi ka pa mita, pakuti nthawi zina mabowo akhala aŵiri. Zonse zikakhala bwino, yalani mchenga kapena dothi lofewa lopanda miyala pansi ndi pamwamba pa paipi, ndipo ikhale yakuya masentimita 50 kapena kuposa, kumene khasu silifika. Ya PVC isatsale padzuŵa, chifukwa iuma niyamba kusweka. Potsiriza jambulani m'kope njira imene paipi yadzera, ndi mapazi angati kuchokera pakhoma, ndipo m'kope lomwelo mwana wasukulu azilemba manambala a mita tsiku loyamba la mwezi uliwonse.