Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zantchito: Wantchito Akadwala, Banja Lisagwe Naye

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Iponga, m'boma la Karonga, kufupi ndi chipata cha Songwe. Ndabwera kudzakudandaulirani za mabanja a anthu apantchito amene matenda awagoneka nthawi yaitali, malipiro awo n'kudulidwa pa nthawi yomwe ndalama ikufunika kwambiri pakhomo.

Gawo 46 la lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wopuma akadwala: masabata 4 akulandira malipiro onse, masabata 8 akulandira theka, bola akhale ndi kalata ya dokotala. Lamuloli ndi labwino, koma likuperewera. Onse pamodzi ndi masabata 12, pomwe mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6. Wothyoka mwendo pangozi ya kabaza mumsewu wa M1, kapena wochitidwa opaleshoni ku Mzuzu Central Hospital, nthawi zina masabata 12 amatha iye asanapondetse phazi pansi. Kuchokera pamenepo lamulo silimulonjezanso kanthu.

Theka lomwelo ndi lochepa bwanji? Mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Theka lake linali K45,000. Izi zinachitika kwacha itangogwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zitakwera kale mtengo.

Bwana, onani mmene ndalamayi imathera pakhomo la mlonda kapena wogulitsa musitolo kuno kwathu. Kuchipatala chaching'ono cha Iponga akamutumiza wodwala kuchipatala cha boma ku Karonga, sapita yekha. Mkazi wake amanyamula mkeka, poto, ufa ndi kathumba ka makala kuti akamudikirire. Ndiye kuti minibasi ndi ya anthu awiri, moto ukuyaka pawiri, kuchipatala ndi kunyumba komwe kwatsala ana, ndipo geni ya mayiyo ya tomato ndi usipa yaima. Mabanja amayesetsa. Amasiya tiyi wam'mawa, amadya kondowole wa chigwada sabata yathunthu, amapempha mwini nyumba kuti adikire lendi. Zikakanika amathamangira kubanki m'khonde, ndipo kumeneko kukatsekeka amagwa m'manja mwa akatapila.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi mpunga. Kuno munthu ngakhale ali pantchito amakhala ndi kadimba ka Kilombero komwe kamadyetsa banja chaka chonse. Matenda akafika, venda amabwera mpunga usanache, amayenda m'mphepete mwa dimba n'kutchula mtengo wake, mayi n'kulandira chifukwa mankhwala ena akuyenera kugulidwa kufamase tsiku lomwelo. Pokolola, matumba amakwera galimoto mwini dimba akuyang'ana. Wodwala amachira, koma njala ndi ngongole zimatsala pakhomo mpaka chaka chinacho.

Palinso ngongole zodulidwa kumalipiro. Malipiro akatsika kufika pa theka, wobwereketsa amadulabe ndalama yake yonse ngati kale. Ena pakutha pamwezi amapeza pafoni patsala ndalama yosakwana n'komwe thumba la chimanga. Mantha amenewa ndiwo amabwezera anthu kuntchito asanachire, wa TB n'kumakatsokomolera anzake.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, gawo 46 lidziwike. Antchito ambiri kuno salidziwa, ndipo mabwana ena amangomuuza wodwala kuti akhale kunyumba osamupatsa kalikonse. Lilengezedwe pawailesi m'Chingonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, lipachikidwenso m'zipatala momwe odwala amatengera makalata a dokotala.

Chachiwiri, ofesi ya zantchito ku Karonga ipatsidwe mafuta ndi anthu okwanira kuti izifika ku Kaporo, Iponga ndi Songwe. Munthu wodwala sangamalipire ulendo wa kuboma kukadandaula za ndalama yomwe sanalandire.

Chachitatu, mukambirane ndi Reserve Bank of Malawi kuti malipiro a wodwala akatsika, ngongole yodulidwa kumalipiro itsikenso kapena iyambe yaima mpaka atabwerera kuntchito.

Chachinayi, tikufuna thumba la dziko lonse lothandiza antchito odwala. Njira tikuidziwa kale: kuyambira 2011 lamulo la penshoni limati bwana azisonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ngati tikutha kusonkhera ukalamba, tingathenso kusonkhera matenda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bwana wa kasitolo kakang'ono sangalipire yekha wodwala miyezi 6. Thumba lotere likhalenso ndi khomo la akabaza, asodzi ndi aganyu, amene tsiku lomwe agona ndi tsiku lomwe ndalama yaima.

Olemekezeka a Nduna, anthu a ku Iponga sakupempha zaulere. Akupempha kuti munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika asagulitse dimba chifukwa chodwala. Tengerani nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo kuti gawo 46 liunikidwenso.

Ine wanu,
Mbadwa ya ku Iponga, Karonga