Asatinyengerere ndi maenje a migodi

Anzathu ophunzira a m'tauni abwera ndi nyimbo yatsopano. Akuti tisadandaule ndi maenje amene migodi imasiya, poti mawa adzasanduka nkhokwe za magetsi. Ine wa ku Embangweni ndikuti dikirani kaye, mabwana.

Nzeruyo si yabodza ayi. Pamafunika madamu awiri, lina kumtunda lina kumunsi. Magetsi akachuluka mumapopera madzi kumtunda, akachepa mumawatsitsa kuti azungulitse makina. Ku Dinorwig m'dziko la Wales akhala akutero kuyambira 1984 paphiri pomwe ankakumbapo miyala. Ku Kidston, Australia, adasankha maenje awiri a mgodi wakale wa golide. Ife amene tidagona mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 sitinganyoze zimenezi.

Koma madzi ndi nthaka yofukulidwa sizocheza nazo. Funsani madala athu amene adapita ku Joni pa Wenela. Mu Disembala 1962 ku West Driefontein, pafupi ndi Carletonville, nthaka idameza chinyumba chophwanyira miyala pamodzi ndi anthu 29. Mu 1964 ku Blyvooruitzicht idameza banja lathunthu lili m'tulo. Migodi inali itapopa madzi a pansi, nthaka n'kutsala yopanda chogwirira. Zoonadi mwala wa kumeneko ndi wosungunuka, wa kuno ndi wolimba. Komabe dzenje loti madzi azikwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku makoma ake amafooka, ndiponso dziko lathu ndi la zivomezi. A ku Karonga sadaiwale Disembala 2009.

Nanga maenje akewo ndi ati? Timaenje ta okumba miyala ya mtengo wapatali tomwe tangoti mbwee m'Mzimba muno? Timeneto sitingayatse ngakhale babu limodzi, timangodikira ng'ombe ndi ana. Dzenje lenileni ndi limene lidzakumbidwe ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo, kumene Globe Metals and Mining idapatsidwa chilolezo cha niobium mu 2021.

Tsono funso langa likupita ku boma. Mgodiwo ukadzatha, dzenjelo lidzakhala la yani? Ndalama zolikonzera zasungidwa kuti? Ku Mwabulambo, Karonga, okumba malasha adachoka mu 2015 maenje ali pululu. Pa 14 Juni 1993 sitidavotere kuti mapepala azibisidwanso ku Capital Hill. Lipoti la akatswiri oyeza miyala ndi pulani yotsekera mgodi zibwere kwa Mabulabo, ziwerengedwe pabwalo m'Chitumbuka, aphungu athu atakhala pomwepo.