Kodi gitala ali ndi khungu?

Pa 22 July 2025 kudamveka za imfa ya Ozzy Osbourne, woimba wa gulu la Black Sabbath. Gululi lidayamba ku Birmingham mu 1968 ndipo ambiri amati ndilo lidabala nyimbo za heavy metal. Kuno ku Nkhata Bay, kumene alendo akunja sasowa, ana athu amazimva nyimbo zaphokosozi pa lamya zawo. Ife makolo timafulumira kugamula kuti n'zachizungu, mwinanso zausatana, ndipo mnyamata wonyamula gitala wamagetsi timamuyesa wotayika.

Koma tisanaweruze, tiyeni tifunse kumene nyimbozi zidachokera. Muzu wake ndi blues, maimbidwe a zidzukulu za akapolo a ku Africa m'minda ya thonje ku America. M'zaka za m'ma 1940, Sister Rosetta Tharpe, mayi wachikuda woimba zauzimu, ankaliza kale gitala wamagetsi potamanda Mulungu, ndipo oimba rock adatolako luso kwa iye. Jimi Hendrix, yemwe adaonetsa dziko kuti gitala angathe kubangula, adalinso wachikuda. Nawo anansi athu a ku Zambia, monga Paul Ngozi ndi gulu la WITCH, adaimba rock yawoyawo m'zaka za m'ma 1970.

Ife a kunyanja kuno sitiyenera kudabwa. Malipenga amene timanyadira adabadwa pamene makolo athu adatengera perete wa asilikali a King's African Rifles itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nasandutsa zikho kukhala malipenga. Ndani lero anganene kuti guleyu ndi wa azungu?

Sitikubisa kuti nyimbo zina za metal zimatamanda imfa, chiwawa ndi mdima. Zoterezo Mkhristu azikane, monga akanira nyimbo zolaula zoimbidwa m'Chichewa kapena m'Chitonga. Pa Mateyu 7:16-20 Ambuye akutiphunzitsa kuweruza mtengo poona zipatso, ndipo Machitidwe 17:26 akutikumbutsa kuti mitundu yonse ili ndi chiyambi chimodzi. Choipitsa nyimbo ndi uthenga wake. Khungu la woimba ndi kukula kwa phokoso zilibe mlandu.

Tikamutcha wasatana mwana chifukwa cha gitala, adzachoka mumpingo ndi gitala wakeyo, ndipo amene adzamulandire kunjako sadzamufunsa za moyo wake wauzimu. Tikhale naye pansi, timvere limodzi mawu a nyimboyo, kenaka timulangize monga makolo.